Pasi, Tisingothyola

Amuna anga anandifunsira ndi mawu olakwika. Tinakumana pamsika wa ku Khonjeni, ine ndikugulitsa nthochi za amayi, iwo atabwera kudzakonzetsa njinga. Anazungulira nthochi zanga kangapo osagula, kenako anaima, kuvula chipewa, n'kunena kuti, "Chemwali, ine ntikufuna panja."

Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Panja ndi pomwe tili pano, achimwene. Mukufuna panja pena pati?"

Iwo ankatanthauza banja. Anali Mlomwe wokulira m'malaini a esiteti ya tiyi, nyumba zija za antchito, makolo awo ochokera ku Mozambiki, ndipo pakamwa pawo b ankasanduka p, d ankasanduka t, z ankasanduka s. Ine ndine Mmang'anja, ndipo kwathu timadzitama ndi lilime ngati kuti limadyetsa. Anzanga ogulitsa nawo anaseka mpaka kugwira nthiti. Iwo manyazi analibe. Anati, "Sekani, koma yankho muntipatse." Yankho ndinawapatsa patapita miyezi, ndipo nthabwala ija tinalowa nayo m'nyumba. Tikayambana, mkwiyo ukayamba kuzirala, ndinkawafunsa kuti, "Nanga lero mukufuna chiyani, banja kapena panja?" Iwo ankayankha kuti kwa iwo ziwirizi n'chimodzi, choncho ndisadzivutitse.

Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti m'nyumba mwathu lilime lawo tinkaliseka tsiku ndi tsiku, ndipo woseka kwambiri anali mwini wake. Anali munthu wolongolola. Iwo ankathyola tiyi, ine ndinkagwira kunazale, kothira dothi m'timachubu ta mbande. Ndili kunazaleko ndinkamva mawu awo kutsidya la khwawa, akunyogodola mnzawo amene dengu lake silikudzadza, kapena akutsutsana ndi kapitawo nkhani za mpira. Manja ankathyola, pakamwa napo pakugwira ntchito yake. Kutchalitchi ndiwo ankayambitsa nyimbo za Chilomwe, ndipo kukagwa zovuta ndiwo ankatumidwa kukalengeza m'malaini, chifukwa mawu awo sankafuna chimkuzamawu.

Mwana tinali naye mmodzi, wamkazi, amene anabwera titayamba kale kutaya mtima. Atalowa sekondale anadzilemba yekha ntchito yophunzitsa bambo ake. Iwo akati, "Pasi, ntakhuta," iye ankaleka kudya.

"Ababa, si pasi. Ndi basi. Tsekani milomo kaye, kenako mutulutse mofewa. Ba."

Iwo ankatseka milomo, kutupitsa masaya, kutong'ola maso, n'kutulutsa "pa" wamkulu kuposa woyamba uja. Ankachitira dala. Mwanayo ankagwa chagada pamphasa ndi phwete, ine n'kumawakalipira onse awiri kuti ndiwo zikuzizira.

Mwanayo anatisiya m'nyengo ya mvula. Chakudza sichiimba ng'oma: anabwera kuchokera kusukulu akudandaula mutu, thupi likuwotcha, ndipo mlungu usanathe tinali titamuika m'manda. Pamenepa sindilemba zambiri, chifukwa mpaka lero dzanja limakana. Anthu atabalalika, titasesa, tinatsala awiri pakhonde. Ndinawafunsa kuti, "Abambo, nanga ife titani?" Anayang'ana kumunda wa tiyi osayankha. Kanali koyamba m'banja mwathu kuti ndifunse funso, iwo n'kusowa chonena.

Tiyi sadziwa maliro. M'nyengo ya mvula amaphuka osapuma, ndipo nsonga ukaichedwera imakhwima, kufakitale n'kukaikana. Masiku amene esiteti imapereka kwa oferedwa anatha, ndipo amuna anga anavala apuloni yawo ya pulasitiki, kubereka dengu, n'kubwerera kumunda.

Pasikelo, pomwe othyola amayezetsera masamba, panali kalaliki watsopano, bambo wochokera m'tauni amene anali atangogula foni ya tachi. Ankakonda kujambula timavidiyo ta pantchito n'kumatumizira anzake. Za maliro athu sankazidziwa. Tsiku limenelo kunkagwa mvula yowaza, zinthu m'magolosale zinali zitakweranso mtengo, ndipo iye ankayenda pamzere kufunsa othyola maganizo awo. Ena ankabisa nkhope, ena ankangoseka. Atafika pa amuna anga anati, "Madala, zinthu zavuta chonchi, nanga inu mutani?"

Iwo anali ataima dengu lili kumsana, kumutu atavala jumbo yotchinga mvula, madzi akudontha pamphuno. Anayang'ana foni ija. Kenako anati, "Pasi, tisingothyola."

Ine panalibe. Ndinazionera pa foni ya mayi wina wa kunazale patapita milungu ingapo. Anandikodola akuseka, nati, "Tabwerani mudzaone bambo a kwanu, atchuka." Ndinaona jumbo ija, ndinaona maso aja, ndipo ndinamva yankho la funso limene ndinawafunsa pakhonde. Linandipeza kudzera m'foni ya mwini, anthu atalimva kale n'kuliseka. Zinandipweteka kwambiri moti ndinakhala pansi pamulu wa dothi. Mayi uja ataona nkhope yanga anakulunga foni yake m'chitenje.

Njira imene kavidiyo kameneka kanayenda ndinailondola pambuyo pake, monga mmene umalondolera mapazi a mbuzi yotayika. Kalaliki anakatumiza m'gulu la pa foni la makalaliki anzake. Mmodzi wa iwo anatumizira mlamu wake woyendetsa lole yonyamula tiyi kupita ku Limbe. Ku Limbe kanalowa m'mafoni a makondakitala, ndipo kondakitala akagwira mawu, pofika madzulo tauni yonse yawamva. Kuchoka apo kanakwera pa masamba a mchezo. Ife masamba amene tinkawadziwa ndi a tiyi, amene ukawathyola amapita kufakitale osabwereranso. A mchezowa amabweza. Kavidiyo kanabwerera ku Thyolo katavala zina. Wina anali atalembapo mawu aja ndi zilembo zikuluzikulu, kalembedwe kake kotsanzira lilime lawo. Wina anathirapo phokoso la anthu oseka, winanso ng'oma. Funso la kalaliki analidula, n'kusiya jumbo ndi mphuno yodontha madzi. Nkhope yawo inasanduka kachithunzi kamene anthu amatumizirana akachita ulesi kulemba yankho.

Ndikanakhala munthu wapadera, mwina nanenso ndikanati mawuwo ndi okoma. Anali afupi, osalemera kunyamula, ndipo ankakwana paliponse. Timu ikagonja, anthu ankati pasi, tisingothyola. Magetsi akazima wometa ali pakati pa mutu wa munthu, tisingothyola. Wolakwa mayeso, wothawidwa ndi chibwenzi, woima pamzere wa mafuta, aliyense anapeza chonena. Ndinawamva pa wailesi, muulutsi akutsanzira Chilomwe ngati akutafuna mbatata yotentha. Ndinawaona atalembedwa ndi penti kumbuyo kwa njinga ya kabaza. Abusa ena odzacheza anawatchula paguwa polalikira za kupirira, mpingo n'kuseka, kenako mitu ina n'kutembenukira kubenchi ya abambo. Amuna anga anawerama ngati akufunafuna nambala m'buku la nyimbo.

Anthu a m'malaini ankadziwa nthawi imene mawuwo ananenedwa. Ambiri a iwo anali nafe pamanda. Poyamba ankawapewa, ndipo ndimawathokoza. Koma mawu akabwerera kuchokera m'tauni amakhala ngati malaya a kaunjika, palibe amene amaganizira za mwini wake woyamba. Posakhalitsa nawonso anayamba kuwanena moiwala, pochapa kumpopi, poyembekeza thalakitala yochedwa. Akandiona ankawameza pakati. Ana ndiye sankameza. Ankatsatira amuna anga akamaweruka, akuwomba m'manja, mawu aja atawasandutsa nyimbo.

Iwo anayesetsa kuseka nawo, poti ndi mmene anazolowerera. Loweruka lina tinapita ku Bvumbwe kukagula mbewu ya kabichi, ndipo tili pamsika anthu ena anatizungulira.

"Madala, ndinu eti? Ndi iwo, aise, a tisingothyola. Tanenani kamodzi tijambule."

Mafoni anakwera m'mwamba. Wina anati awagulira chakumwa, wina anabwera ndi jumbo kuti avale. Ine ndinawakoka mkono kuti tizipita, koma amuna anga anali munthu wosafuna kukhumudwitsa anthu. Jumbo anaikana, koma mawu anawanena. Anthu anaseka, wina n'kudandaula kuti sizinamveke ngati za pa vidiyo, abwereze. M'minibasi pobwerera sanayankhule, ndipo ku Bvumbwe sanapondekonso.

Chimene chinawamaliza chinachitika pamsewu wa pafupi ndi kwathu. Mawu akakhalitsa m'kamwa mwa anthu amayamba kumera nthambi. Anyamata ena anali atapeza tanthauzo lina la kuthyola. Tsiku limenelo tinkachokera kuchigayo, iwo akukankha njinga, ine ndili pambuyo. Pamphambano panali gulu la anyamata atakhalira njinga zamoto, ndipo kunkadutsa atsikana a sekondale, atavala yunifolomu yofanana ndi imene inali ikadali m'sutikesi mwathu. Mmodzi wa anyamatawo analoza atsikanawo ndi mlomo, nati, "Zapsa izi, aise. Pasi, tisingothyola." Anzake anaombana m'manja. Sanatione n'komwe, ndipo ngakhale akanationa sindikhulupirira kuti akanadziwa kuti mwini mawu ndi ameneyu. Amuna anga anaima. Ndinaona thumba la ufa likupendekeka, n'kuthamanga kukaligwira. 

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo sindibisa. M'mawa mwake ndinasiya machubu kunazale n'kupita kusikelo mzere uli wautali. Ndinaima patsogolo pa tebulo la kalaliki uja.

"Akalaliki, tsiku limene munajambula bambo a kwathu lija, mumadziwa kuti anali akuchokera kuti?"

Anaimirira, cholembera n'kugwa pansi. "Mayi, ndinamva mochedwa. Ndakhala ndikufuna kubwera kunyumba, koma ndimasowa poyambira."

"Poyambira munapaona potumiza."

Ndinanena zambiri, zina zosayenera mayi wa mvano, othyola onse akumva, madengu ali kumsana. Iye sanadziteteze. Anatulutsa foni yake, kufufuza, n'kundionetsa. "Onani, mayi, ndikudilita inu mukuona. Pepani kwambiri."

"Nanga m'mafoni a anthu onse aja?"

"Kumeneko ndiye sindingathe. Zinapita kale."

Ndinkadziwa ndisanafunse. Madzi akatayika saoleka. Ndinabwerera kunazale mkwiyo utachepa pang'ono, koma kunyumba palibe chimene chinasintha.

Amuna anga anayamba kuopa pakamwa pawo. Anasankha mawu opanda msampha, monga eya, iyayi ndi kaya, n'kumayendera omwewo. Kutsidya la khwawa kunangoti zii, moti anzanga a kunazale ankandifunsa ngati bambo asamutsidwira kumunda wina. Kutchalitchi analeka kuyambitsa nyimbo. M'Chilomwe munalibe choti angalakwitse, koma akangoimirira wina ankakweza foni, ndiye anangosankha kukhala. Ndi anzawo akale ankayankhulabe Chilomwe chapansipansi pobwera kuntchito, koma ine Chilomwe changa ndi cha moni ndi zotukwana basi. M'nyumba imene kale ndinkapempha kuti anthu atonthole ndimve wailesi, tsopano ndinkatsegula wailesi kuti pakhale woyankhula. Mwana anali atapita, ndipo chimene ndinkafuna pa dziko lapansi chinali chimodzi, kuti bambo ake ayambirenso kulongolola.

Lamlungu lina masana ndikuchokera kumpopi ndinamva kung'ung'udza kuseri kwa bafa. Ndinasuzumira. Anali ataima chopenya kumpanda, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Ba," ankatero. "Ba. Basi. Banja. Bambo."

Ankatseka milomo kaye, kenako n'kutulutsa mofewa, ndendende mmene mwana ankawaphunzitsira. Ndipo ankakhoza. B wawo ankatuluka wosalala ngati wa muulutsi nkhani. Ndinabwerera chafutambuyo ndi ndowa yanga kuti asandione, n'kukalirira kukhitchini.

Kuchokera pamenepo, akafuna kuyankhula ankayamba aima kaye, kuwasanja mawu m'kamwa, n'kuwatulutsa pang'onopang'ono, onse olondola. Zinali ngati ndikukhala ndi mlendo waulemu. Ndinayesa njira zonse. Ndinkaputa dala mkangano wa mpira, kunyoza timu yawo, iwo n'kungoti eya. Ndinkapsereza dala ndiwo kuti adandaule, iwo n'kudya osanena kanthu. Tsiku lina tikusenda nandolo pakhonde ndinatulutsa chida changa chomaliza.

"Abambo, nanga lero mukufuna chiyani, banja kapena panja?"

Anamwetulira pang'ono, ndipo mtima wanga unadumpha. Kenako ndinaona milomo ikutsekeka.

"Banja," anatero, mosalala bwino.

Bola akanandimenya khofi. Ndinapitiriza kusenda nandolo, maso osaona mbale.

Nthawi yonseyi mawu aja ankakalamba. A m'tauni anatopa ndi kutsanzira lilime, n'kumangoti tizingothyola, Chichewa chowongoka. Kenako anawafupikitsa, n'kumangoti tizingo. Ana amene ankawanena sankadziwa n'komwe kuti kunali vidiyo, kapena kuti mawuwo anachokera m'munda wa tiyi. Akuluakulu a m'maofesi atayamba kuwatchula pamisonkhano, achinyamata anawataya, poti iwo sadyera mbale imodzi ndi makolo awo pa nkhani zoterezi. Penti ya pa kabaza ija inasuluka. Kunabwera mawu ena atsopano, ochokera kwa mayi wina amene anamujambula akukalipa pamsika kwinakwake, ndipo dziko lonse linasamukira kumeneko. Anzanga akamaseka mayi ameneyo ine sindinkaseka nawo. Ndinkangodzifunsa kuti kaya tsiku limenelo anali akuchokera kuti.

Ndinali ndi chiyembekezo kuti mawuwo akafa, amuna anga abwerera. Ndinkawauza kuti, "Anthu anaiwala, abambo. Palibenso amene akuzinena." Iwo ankagwedeza mutu n'kuti eya. Anthu anaiwaladi, koma iwo sanabwerere.

Anadwala m'nyengo yozizira, chiperoni chitakuta minda kwa masiku ambiri. Chinayamba ngati chifuwa wamba, ndipo poti munthuyo anali ataleka kudandaula, tinazindikira matenda atalowa m'kati. Kuchipatala anayesetsa. Ine ndinali pambali pawo mpaka pomaliza, ndikudikira kuti mwina ululu uwaiwalitsa kusamala, anditchule mmene ankanditchulira kale. Anapempha madzi, ndipo z wake anamutchula bwinobwino. Tinawaika pafupi ndi mwana wawo. Anzawo anaimba nyimbo za Chilomwe zija, woyambitsa ali wina, ndipo pamaliro ponse palibe amene anatchula mawu aja.

Patapita miyezi ndinazindikira chinthu chimene chinandiopsa. Mawu a mwana wanga anali atandithawa kale. Ndimakumbukira zimene ankanena, koma kamvekedwe kake sindikamvanso m'mutu. Tsopano a bambo ake nawo anayamba kuchita chimodzimodzi. Ndikati ndikumbukire mmene ankaitanira anthu m'malaini, m'makutu munkabwera mawu osalala aja a kuseri kwa bafa. Nkhope ndinali nayo, pa chiphaso chawo cha ntchito. Koma foni yathu inali ya mabatani, ndipo palibe tsiku limene tinaganizapo zojambula munthu amene sankatseka pakamwa. Pa dziko lonse mawu awo enieni anatsala pamalo amodzi okha, m'kavidiyo kamene ndinkadana nako kuposa chilichonse.

Ndinapitanso kusikelo. Kalaliki atandiona anaimirira msanga, poganiza kuti ndabweranso ndi nkhondo.

"Khalani pansi, akalaliki. Kavidiyo kaja muli nakobe?"

Anandiyang'ana mosamvetsa. "Mayi, si ndinadilita inu mukuona?"

"Simunasunge kwina?"

"Ayi, mayi. Ndinafuna kuti katheretu."

Kake kaja ndi kokhako kamene kanalibe ng'oma kapena kuseka. Ndinafunsa anzanga a kunazale, koma onse anati mafoni amadzadza, ndiye za kale amafufuta kuti zatsopano zilowe. Mayi uja amene anandionetsa koyamba ndi amene anandiuza kuti ndikayese kwa obena nyimbo ku Bvumbwe, aja oikira anthu nyimbo m'mafoni, poti iwo makompyuta awo sataya kanthu.

Ndinapita Loweruka. Kashopu kake kanali kothina, masipika akulira mpaka m'chifuwa, ndipo panali anthu angapo odikira kuti awaikire nyimbo m'mafoni. Mwini wake anali bambo wonenepa, mahedifoni ali m'khosi.

"Tikuikireni za kwaya, mayi?"

"Ayi. Ndikufuna kavidiyo ka bambo othyola tiyi aja. A tisingothyola."

Anaseka. "Mayi, za kalekale zimenezo. Zinatha fasho. Panopa anthu ali pa zina, bwanji ndikuikireni zatsopano?"

"Ndikufuna kameneko."

Anapukusa mutu n'kuyamba kufufuza. Koyamba kupezeka kanali ka ng'oma, mawu awo atawadula nthulinthuli, pa-pa-pasi, atawachepetsa ngati a kamwana. Kachiwiri sanali iwo n'komwe, anali munthu wa zisudzo atavala jumbo akuwatsanzira. Odikira aja anayamba kuseka, chinthu chakale chitawakumbutsa masiku abwino. Mmodzi anati, "Koma mdala ameneyu anatiseketsa. Kaya ali kuti masiku ano."

"Tinawaika m'manda," ndinatero. "Ndi amuna anga."

Mwini shopu anatsitsa masipika mpaka kuzimitsa. Amene anafunsa uja anayang'ana nsapato zake, kenako anatuluka ngati waitanidwa panja. Mwini shopuyo anandikokera mpando, n'kuuza otsalawo kuti adikire kaye. Anafufuza nthawi yaitali, kutsegula ichi, kutseka, kulumikiza kabokosi kena kakale kamene anakatulutsa m'katoni.

"Olijino ndilibe, mayi," anatero pomaliza. "Olijino palibe amene amasunga, anthu amafuna yokometsera. Koma tamverani aka."

Anandiveka mahedifoni ake. Ndinamva mvula ikuwaza pa apuloni ya pulasitiki. Ndinamva munthu akukoka mpweya. Kenako mawu aja, akuya, a p wonenepa, amene anandifunsira pamsika wa ku Khonjeni: "Pasi." Pomwepo chikhamu cha anthu oseka chinagwera pamwamba n'kukwirira zotsalazo. Amene anakonza kameneka anachedwa pang'ono kuthira kuseka, ndipo kuchedwa kwakeko ndi kumene kunandisiyira liwu limodzi loyera. Ndinagwira tebulo ndi manja awiri. Ndinalira pamaso pa anthu osawadziwa, ndipo sindinachite manyazi.

"Ndikhoza kudula," anatero bambo uja motsitsa mawu, "kuti patsale poyambirira pokhapo. Kusekako kuchoke."

"Kukachoka kusekako, mawu enawo atsala?"

"Ayi. Zinamatana. Zichokera limodzi."

"Ndiye musadule. Anawadula kokwanira."

Anandiikira m'memole mmene kanalili, n'kundilowetsera m'foni yanga ya mabatani, n'kundionetsa batani loyambitsira ndi loimitsira. Anandiperekeza mpaka pakhomo la shopu.

Ndikadali kunazale mpaka lero. Mawu aja palibenso amene amawanena, kupatula munthu wachikulire apo ndi apo amene sadziwa kuti anatha, ana ake n'kumuseka kuti ndi wotsalira. Lamlungu masana ndikabwera kutchalitchi ndimakhala pakhonde lomwe lija, kuyang'ana kumunda wa tiyi, n'kutulutsa foni. Ndimadina. Mvula imawaza, iwo amakoka mpweya, n'kunena liwu limene anavutika nalo kuseri kwa bafa kuti alichotse m'kamwa. Pasi. Chala changa chinaphunzira pomwe chiyenera kuimitsira, ndipo ndimabwereza mpaka batire litadandaula.

Masiku ena chala chimachedwa, ndipo dziko lonse limaseka pakhonde panga. Kale ndinkazimitsa msanga. Masiku ano foniyo ndimaisiya, n'kuikanikiza kukhutu, chifukwa pansi pa kusekako amuna anga amakhala asanamalize kundiyankha.